Phulusa, mizere, makuponi ndi mbeya: mmene nthaka ya ku Machinga ndi Balaka yakhala ikudyera

Mu 1859 David Livingstone ndi anzake anakwera chigwa cha Shire, nafika ku nyanja ya Chilwa mu Epulo ndi ku nyanja ya Malawi mu Seputembala. Njira yawo inadutsa m'minda ya Amang'anja, ndipo zina mwa zimene analemba n'zaulimi weniweni. Munthu akafuna kuswa mphanje pathengo ankagwetsa mitengo, kuunjika nthambi, kuotcha, n'kudzala paphulusapo. Pamalo a udzu wautali ankachita mwa njira ina. Ankagwira udzu wodzaza manja, kuumanga mfundo, n'kudula mizu yake ndi khasu, koma kuusiya chiimire kuti uume. Mvula ikayandikira ankausonkhanitsa m'timilu, kukwirira ndi dothi, n'kuyatsa moto woti uzinyeka pang'onopang'ono mkatimo. Phulusa ndi dothi lopsalo n'zimene ankamwaza m'munda.

Amene amati makolo athu sankadziwa kubwezera chonde m'nthaka ayambe aganizira za moto wokwiriridwawo. Moto wa malawi umasiya phulusa pamtunda, mphepo ya Okutobala n'kuliuluza. Wokwiriridwa umasunga phulusa lonse pamalopo, ndipo umapha ndi njere za udzu zomwe. Phulusa limabwezera potaziyamu ndi fosifolasi, ndi kuchepetsa kuwawasa kwa dothi. Chimene moto sungasunge ndi nayitirojeni, amene amapita ndi utsi. Ameneyu ankabwera m'njira ziwiri. Yoyamba inali mbewu zimene ankasakaniza m'munda umodzi: mapira, mchewere, maungu ndi thonje pamodzi ndi nandolo, khobwe ndi nzama, zimene mizu yake imakoka nayitirojeni mumpweya. Yachiwiri inali kugoneka munda. Ukatopa ankausiya ukhale tsala, thengo limere, masamba agwe ndi kuwola kwa zaka zambiri, mwini wake ali kulima kwina.

Choncho chonde cha nthawi imeneyo chinali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo unali malo. Banja lolima ekala imodzi linkafunika maekala ena angapo ongogona podikira nthawi yawo. Mbiri yonse yotsatira ndi ya mmene malo ogonawo anathera, ndi zimene anthu akhala akulipira m'malo mwake.

Anatha pang'onopang'ono. Kuyambira m'ma 1860 Ayao analowa m'derali kuchokera kum'mawa, ndipo maufumu a Kawinga, Liwonde, Nsamala ndi Kalembo anakhazikika. Nkhondo ndi malonda a akapolo zinakankhira anthu ambiri m'mapiri, kumene ankalima pothina. Angerezi atagonjetsa Kawinga ku phiri la Chikala mu 1895 anthu anatsikira kuchigwa, koma pasanapite nthawi Alomwe othawa ulamuliro wa Apwitikizi anayamba kufika kuchokera ku Mozambique, m'magulumagulu, kwa zaka makumi angapo. Msonkho wa nyumba unafuna ndalama, ndalama zinafuna thonje, ndipo njanji yochokera ku Blantyre itadutsa pa Balaka n'kufika ku Salima mu 1935, thonjelo linapeza njira yotulukira. Nthawi yomweyo chimanga chinali kulanda malo a mapira, pomwe chimanga ndi mbewu yadyera kuposa mapira. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'dziko lonse. Wa 2018 anapeza anthu 735,438 m'boma la Machinga lokha, ndi 438,379 ku Balaka, boma limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998. Pa anthu ochuluka chotero tsala ndi nkhani ya agogo.

Ku Mzimba kapena ku Dedza munthu akanati, chabwino, khola la ng'ombe lilipo. Kuno ayi. Ntchentche za kashembe zinali zambiri m'chigwa cha kumtunda kwa Shire, ndipo ng'ombe sizinachulukepo ngati kumapiri. Chiweto cha mabanja ambiri mpaka lero ndi mbuzi zingapo ndi nkhuku. M'midzi yambiri ya Chisilamu nkhumba sizisungidwa n'komwe, mfundo imene olemba timabuku ta kapangidwe ka manyowa amaiwala kawirikawiri.

Chimene chigwachi chinali nacho ndi mtengo wa nsangu. Woyenda pakati pa Balaka, Ulongwe ndi Liwonde mu Januwale amauona m'minda uli mbee, wopanda tsamba, pamene mitengo ina yonse yabiriwira. Mlendo angaganize kuti unauma. Nsangu umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphuka mvula ikatha. Ndiye kuti nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa mtengowu suchiphimba, ndipo masamba ake, amene ali ndi nayitirojeni wambiri, amagwa pa nthawi yeniyeni imene mbewu zikufuna chakudya. M'chilimwe umapereka mthunzi, mbuzi zimasonkhana pansi pake kudya zipatso zake zopindikapindika, n'kusiya ndowe pomwepo. Mizu yake imapita pansi kwambiri, sipikisana ndi chimanga. Mu Febuluwale kusiyana kumaoneka ndi maso: kuzungulira tsinde chimanga chimakhala chobiriwira bii, chachitali, ndipo ukangotuluka kunja kwa nthambi chimayamba kuchita chikasu. Alimi a m'chigwachi ankausiya mtengowu poswa mphanje kalekale, akatswiri asanayambe kuyeza zokolola za pansi pake. Vuto lake ndi limodzi, ndipo ndi lalikulu: umachedwa. Wodzala nsangu lero adzaona phindu lake lenileni patapita zaka khumi kapena kuposerapo. M'dera la chikamwini, kumene mwamuna amalima pamunda wa kwa mkazi wake, ena amati n'chifukwa chake amuna sakhala ndi chidwi chodzala mitengo. Mwina zili ndi mbali yake, koma ine ndimaona kuti njala ndi makala zagwetsa nsangu wambiri kuposa amene chikamwini chinalepheretsa kudzala.

Boma la atsamunda linaona nthaka ikukokoloka ndipo linayankha ndi lamulo. Lamulo la zachilengedwe la 1946, limene analikhwimitsa mu 1949, chaka cha njala yaikulu ija, linabweretsa zimene anthu anazitcha malimidwe. Pansi pa bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell, mlimi aliyense anayenera kusiya kulima pa mitumbira kapena pansi chabe, n'kupanga mizere yopingasa chitunda, kukumba migula, kuzula mapesi a thonje pa tsiku loikika, ndi kusalima m'mbali mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa, ena kuzulidwira mbewu. Ku Domasi, pamalire a Zomba ndi Machinga, boma linayambitsa chitukuko choyeserera mu 1949, ndipo zosamalira nthaka zinali pakati pake. Pa sayansi yokha, zambiri mwa izi sizinali zolakwika, chifukwa mzere wopingasa umagwiradi madzi. Koma ntchito yake inkagwa m'miyezi yotentha, dothi lili gwa, ndipo inkabwera ndi mesenjala. Chipani cha Nyasaland African Congress sichinavutike kupeza otsatira kumidzi. Kwa mlimi wamba wa m'ma 1950, Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali nkhani yakutali, koma kapitawo woyeza mizere anali m'munda mwake.

Chodabwitsa n'chakuti mizere imene anthu anaikana ija inapambana ufulu utabwera. Kamuzu Banda, amene chipani chake chinadzudzula malimidwe, anailimbikitsa yekha pamisonkhano, ndipo m'badwo umodzi wokha unakwanira kuti mzere ukhale ulimi wa makolo. Pamzerepo panamera luso lina lotsika mtengo, kuwojeka: mukakolola mumagoneka mapesi ndi zinyalala m'khwawa la pakati pa mizere, n'kuzikwirira ndi dothi la mzere wakale, kuti mzere wa chaka chamawa ukhale pamwamba pa zowola. Amene amawojeka msanga, masamba a nandolo ndi zitsamba zikadali zaziwisi, amapindula kuposa amene amadikira Okutobala.

Nthawi ya Kamuzu ndi imenenso thumba la feteleza linalowa m'mudzi. ADMARC inakhazikitsidwa mu 1971, misika yake inkagulitsa feteleza ndi mbewu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dziko linagawidwa m'zigawo za chitukuko cha ulimi, likulu la chigawo chino n'kukhala ku Liwonde. Alimi ankalowa m'makalabu, kutenga feteleza pangongole, kubweza akakolola. Alangizi anaphunzitsa za wokulitsa ndi wobereketsa, za chitowe ndi yuriya, ndipo achikumbe ankalandira ulemu. Tisadzinamize kuti aliyense anali m'kalabu. Mabanja osauka, makamaka oyendetsedwa ndi amayi, ankaopa ngongole imene ikanawalanditsa mbuzi kapena malata, ndipo anapitiriza kulima chimanga cha makolo popanda thumba. Koma maganizo a dziko anasintha. Chonde chinakhala chinthu chogula, ndipo kuthira ndowe kunayamba kuoneka ngati chizindikiro cha umphawi. Nzeru za manyowa sizinafe, zinangochita manyazi.

Chilala cha 1992 chinagwetsa zonsezo. Ngongole sizinabwezedwe, bungwe la boma lobwereketsa alimi ang'onoang'ono linagwa, kwacha inasiyidwa kuti iziyandama mu 1994, ndipo thandizo la boma pa mtengo wa feteleza linachotsedwa. Alimi amene anazolowera chimanga cha haibulidi anapezeka ali ndi mbewu yofuna kudya koma opanda choidyetsa. Kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga, anafiiritsa minda. M'zaka zimenezi akatswiri anabwerera ku mitengo ndi masamba. Ku Makoka, pafupi ndi Zomba, bungwe la ICRAF linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuyesa kudzala gliricidia m'mizere ya chimanga, kumamudulira kangapo pachaka ndi kukwirira masamba ake. Ena ankagawa mbewu za ombwe, jelejele ndi nsangu. Zotsatira za pamalo oyeserera zinali zabwino, makamaka pamene masamba anaphatikizidwa ndi feteleza wochepa. Kumidzi zinafalikira mochedwa, chifukwa mbande zimafuna kuthirira ndi kutchingira mbuzi, ndipo chaka choyamba ndi chachiwiri mlimi amangogwira ntchito osaona kanthu.

Ndale zinayankha msanga kuposa mitengo. Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga komweko, anabweretsa sitata paki mu 1998: feteleza makilogalamu 15, mbewu ya chimanga makilogalamu 2 ndi kambewu ka mtundu wa nyemba, zokwanira kachigawo kakang'ono ka munda, kwa mabanja pafupifupi 2.8 miliyoni. Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi a feteleza mu 2005. Lazarus Chakwera anayamba ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP mu 2020, thumba likugulidwa pa K4,495. Ndondomeko zonsezi zinadzaza nkhokwe m'zaka za mvula yabwino, ndipo amene anaona njala ya 2002 sanganyoze zimenezo. Koma chaka chilichonse nkhani ya chonde inkasanduka nkhani ya mayina, woti ndani walembedwa, ndani wadumphidwa, ndipo matumba awiri agawidwa pakati pa mabanja angati. Nthaka yeniyeniyo, imene zowola zake zinali kuchepa chaka ndi chaka, inalibe woiyankhulira pabwalo la amfumu. Nthaka yopanda zowola sisunga madzi kapena feteleza, ndipo ku Balaka, kumene mvula imadula pakati pa nyengo kawirikawiri, zimenezi zimapha mbewu. Pakati pa zaka zimenezi panachitikanso china chofanana ndi kale: kuyambira 2004 mpaka 2011 ntchito ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kuwapatsa mahekitala awiriawiri pa malo amene anali maesiteti ku Machinga, Mangochi, kenako Balaka ndi Ntcheu. Mwina aka kanali komaliza kuti anthu ambiri chotero m'derali alime malo ogonera.

Cha m'ma 2005 bungwe la CIMMYT, mogwirizana ndi alangizi a chigawo cha Machinga, linayamba kuyesa ulimi wa mtayakhasu m'minda ya alimi ku Malula ndi Lemu m'boma la Balaka ndi ku Matandika ku Machinga. Lamulo lake ndi losavuta kunena: osagalauza, osapanga mizere, phimbirani nthaka ndi mapesi, sinthanitsani chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba. Kudzala kwake kunatsata njira ya Sasakawa imene inafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, njere imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25. Kwa zaka zambiri zoyesa, chimene chinaoneka bwino n'chakuti munda wophimbira umapirira ng'amba, chimanga chake chikadali chiimire pamene cha mnzako chapota masamba. Tangoganizani mlangizi akuuza gogo kuti mizere ndi yoononga nthaka, gogo amene bambo ake analipira chindapusa chifukwa chosapanga mizereyo.

Komabe chimene chimagwetsa mtayakhasu si kuuma mutu kwa agogo. Ndi funso loti mapesi ndi a yani. Mukangokolola, mbuzi za mudzi wonse zimamasulidwa, ndipo mwambo umati munda wokolola ndi podyera ziweto za aliyense. Anyamata osaka mbewa amayatsa moto umene sudziwa malire. Chiswe chimadya chotsala. Mayi amene nkhuni zamuthera amatola mapesi omwewo kukaphikira. Kumene mafumu anaika malamulo a m'mudzi oletsa moto ndi kulekerera ziweto, ulimiwu unagwira. Kumene sanatero, mlimi amatuta mapesi a m'minda itatu kukaphimbira kamunda kamodzi kachionetsero, minda inayo n'kutsala yambulanda.

Manyowa opanga ali ndi masamu awo, amene ochita kampeni sakonda kuwatchula. Taonani mmene chimato chimapangidwira. Mu Juni kapena Julayi munthu amadula mapesi m'tizidutswa, kuyala pansi, kuwaza madzi, kuyalapo masamba aawisi, kenako ndowe za mbuzi, kenako phulusa pang'ono ndi dothi la pachulu, n'kubwereza mpaka mulu ufike m'chifuwa, mtengo uli chiimire pakati. Akatero amamata mulu wonse ndi matope ngati nkhokwe, n'kuzula mtengo uja kuti patsale kabowo kopumira. Patapita masiku angapo akalowetsa ndodo m'kabowomo imatuluka yofunda, ndiye kuti zayamba kupsa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu amaswa chimatocho n'kupeza dothi lakuda, lofewa, lonunkhira ngati pansi pa thengo. Mtundu wina wa manyowa, wotchedwa changu, umapsa msanga koma umafuna kutembenuza kawirikawiri, ndipo wa m'dzenje umafuna kukumba dothi louma. Tsono thumba la yuriya la makilogalamu 50 lili ndi nayitirojeni wolemera makilogalamu 23. Kompositi wabwino amakhala ndi nayitirojeni pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100, ndiye kuti pofuna kufanana ndi thumba limodzilo pamafunika matani awiri ndi kuposerapo. Madzi onyowetsera milu yonseyo amachokera pamjigo, pamutu pa mayi, m'miyezi imene mzere wa zidebe ndi wautali. Manyowawo akapsa ayenera kufika kumunda, nthawi zambiri mu dengu kapena pa njinga. Manyowa amachita zimene yuriya sangachite, amafewetsa dothi ndi kusunga chinyontho. Koma aliyense wonena kuti ndi aulere sanasenzepo.

N'chifukwa chake manyowa amathera pafupi ndi nyumba ndi kudimba. M'madimba a m'mbali mwa Rivirivi ndi Shire, ndi m'madambo a ku Chilwa ndi Chiuta, malo ndi ochepa, madzi ali pomwepo, ndipo tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi zimabweza ndalama msanga. Kumeneko palibe amene amamwaza manyowa munda wonse. Amathira manja awiri paphando, n'kusakaniza ndi dothi asanadzale. Ena amaviika thumba la zitosi za nkhuku kapena masamba a deliya mu mgolo wa madzi kwa milungu iwiri kapena itatu, n'kumathirira madziwo atawasungunula. Luso la manyowa linapulumukira kudimba zaka zonse za makalabu ndi makuponi, ndipo amene analisunga kwambiri ndi amayi.

Nandolo ndiye wakhala wokhulupirika kuposa onse, chifukwa safuna kusenza. Amakula pang'onopang'ono pakati pa chimanga, mizu yake imaboola dothi lolimba la pansi pa mizere, ndipo chimanga chikachoka amayoyola masamba ambiri pamalo pomwepo, uku akupereka ndiwo ndi nkhuni. Ofufuza a Africa RISING, amene anagwira ntchito ku Ntubwi, Nsanama ndi Nyambi, ankalimbikitsa kudzala nandolo pamodzi ndi mtedza chaka chimodzi, chimanga n'kubwera chaka chotsatira. Koma ngakhale iye msika unamukhudza. India, amene amagula nandolo wambiri wa kuno, atachepetsa wolowa m'dziko lake mu 2017, mtengo unagwa mochititsa chisoni, ndipo alimi ambiri anachepetsa kudzala. Chigamulo cha ku New Delhi chinachotsa masamba m'minda ya ku Ntaja.

Feteleza wa m'thumba amabwera kuchokera kunja, wina pa njanji ya ku Nacala imene inatsegulidwa mu 1970, kulowera pa Nayuchi, kudutsa Liwonde mpaka Nkaya. Amadutsa pakhomo pa anthu amene sangamugule. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022 mitengo inakwera padziko lonse, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi chaka chomwecho ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiwerengero cha olandira AIP chinachepa. Apa ndi pamene feteleza wa mbeya anafalikira mudzi ndi mudzi. Kasakanizidwe kake kamasiyana malinga ndi wophunzitsa, koma kofala ndi aka: madeya makilogalamu pafupifupi 20, phulusa losefa 10, ndowe zouma zopera 10, feteleza wogula 10, ndi madzi malita asanu. Amasakaniza bwino, kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga zolimba kuti mpweya usalowe, n'kusiya pamthunzi masiku 21, kenako kuyanika. Thumba limodzi logula limabala matumba asanu.

Sizitanthauza kuti nayitirojeni wachuluka kasanu. Amene anali m'thumba limodzi uja wangogawidwa, madeya ndi ndowe n'kuwonjezerapo pang'ono, ndipo akatswiri ena amachenjeza kuti phulusa likakumana ndi yuriya ponyowa, gawo lina la nayitirojeni limathawa ngati mpweya. Fungo loboola mphuno limene limatuluka pomasula thumba ndi limenelo. Komabe alimi sakunama akamati chimanga cha mbeya chimaposa chosathira kanthu. Feteleza wochepa wofika paphando lililonse pamodzi ndi zowola amagwira ntchito kuposa wochepa yemweyo atathera pa mizere khumi yoyambirira. Ndipo thumba la mbeya limakwera pa njinga, pamene matani awiri a kompositi sakwera.

Chatsopano n'chakuti zinthu zimene kale zinkatayidwa kudzala tsopano zili ndi mtengo. Woweta nkhuku amagulitsa zitosi pa thumba, wa mbuzi sakulolanso mnansi kusesa m'khola mwaulere, ndipo madeya a kuchigayo amalimbiranidwa ndi oweta ziweto ndi ophika kachasu. Banja lopanda chiweto, lomwe ndi lomwe lija silinalowe m'kalabu nthawi ya Kamuzu, liyenera kugula zinthu zitatu mwa zinayi. M'chaka cha ng'amba ya El Niño, pamene boma linalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, Machinga ndi Balaka ali m'gulumo, madeya anabwerera pa ntchito imene amagwira nthawi zonse za njala. Nyengo yopanga mbeya, Okutobala ndi Novembala, ndi imenenso ufa umayamba kutha m'nyumba, ndipo m'mabanja ambiri makilogalamu 20 a madeya aja anapita kuchigayo kukaperedwanso kuti ana adye nsima.